Chimene Chinkapuma Kuseri kwa Matabwa

Amasulidwa, inu! Achimwene ake a Wailesi amasulidwa! Lachinayi m'mawa oweruza anavula magalasi, nanena kuti mwa anyamata atatu amene ankazengedwa mlandu wopha banja la kutsidya kwa msewu, awiri ndi olakwa, koma wachitatuyu khothi silinamupeze ndi mlandu, chifukwa pali mboni imene inamumva ali m'chipinda chake usiku wonsewo. Mboniyotu ndi Wailesi yemweyo, mlongo wake wa zaka khumi ndi zinayi, wa Fomu 2, mwana wosatsika pa nambala wani. Dzinali anamupatsa anzake a kusukulu chifukwa nkhani siigona m'mimba mwake. Anatuluka m'khothimo ali liwiro, sokosi imodzi itagwera m'nsapato, chikwama chikumumenya pamsana, kuti akafike kusukulu belu lowerukira lisanalire.

Koma musanamuone akufika, mumve kaye za mgolo.

Mumsewu wa kwawo madzi satuluka masana. Amabwera cha m'ma 2 koloko usiku n'kutha kusanache. Ndiye mayi aliyense asanagone amatsegula mpopi wa pakhomo n'kusunthira mgolo pansi pake, kuti m'mawa apeze wadzaza. Mamita a madzi a nyumba zisanu ndi ziwiri za mumsewumo anawaika pamodzi, mumzere, m'kangalande ka simenti, pafupi ndi mpanda wa nyumba ya kutsidya ija.

M'nyumba imeneyo munkakhala anthu anayi: bambo oyendetsa basi, mayi anamwino, kamnyamata ka zaka zinayi, ndi mtsikana amene ankakhala desiki imodzi ndi Wailesi, amene anzake ankamutcha Manyazi chifukwa ankaseka atagwira pakamwa. Lamlungu lina azakhali a anawo anabwera kudzacheza. Anagogoda, anagogoda, kenako anakankha chitseko. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka ku siteji ya basi. Onse anayi anali atamenyedwa ndi chitsulo. Zimene zinasowa m'nyumbamo zinali mafoni awiri ndi nsapato za bambo aja. Basi. Apolisi anapeza mapazi a anthu atatu pansi pa zenera la kukhitchini.

Patatha masiku anayi anagwira anyamata awiri ali ndi mafoniwo, wina wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wina wocheperapo. Iwowo ndi amene anatchula achimwene ake a Wailesi.

Ku polisi Wailesi anapita ndi bambo ake, amene ndi pulambala. Sanadikire n'komwe kuti afunsidwe.

"Anali kunyumba! Ndinawamva ndi makutu angawa!" anatero, mawu akupunthana. "Chipinda chathu chinali chimodzi, ababa anangochidula pakati ndi matabwa. Bedi langa lili mbali iyi, lawo mbali iyo, mitu kugundana. Ndiye achimwene ali ndi mphumu kuyambira ali mwana. Usiku akagona amalira pachifuwa ngati kamwana ka mphaka: fyii, huu, fyii, huu. Tsiku limenelo ndinadzuka 1 koloko kuwerenga za mayeso, ndinagona 4 koloko. Ndinawamva, bwana. Ndimawamva tsiku lililonse. Achimwene sanagonepo kunja ngakhale kamodzi."

Wapolisi analemba zonse. Dokotala anali atanena kuti anthu aja anafa pakati pa 1 ndi 3 koloko. Wailesi atacheuka anaona bambo ake ataphimba nkhope ndi chipewa chawo cha kuntchito, mapewa akunjenjemera, ndipo anati mumtima: aone ababa, akulira ndi chimwemwe.

Kutacha, mgolo wa pakhomo pawo unali wouma.

Anati mwina madzi sanabwere. Koma kwa amayi a saluni, nyumba yoyandikana nayo, mgolo unali utasefukira mpaka kupanga matope. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mpopi wotsegula, mgolo gwaa, pansi pake kangaude atayamba kale kumanga. Mayi ake a Wailesi anayamba kuyenda ndi ndowa khomo ndi khomo.

"Ha! Mkazi wa pulambala kupempha madzi?" ankatero amayi a saluni, manja m'chiuno. "Dziko latha basi. Mawa timva kuti mkazi wa telala akuyenda chosavala. Tungani, anzanga, koma muwauze bambowo kuti mapaipi a kunyumba nawo amafuna kusisitidwa."

Chimene chinkamudabwitsa Wailesi n'chakuti mayi ake, amene amatha kukalipa tsiku lonse chifukwa cha supuni imodzi yosatsuka, sanawafunsepo bambowo ngakhale kamodzi kuti bwanji osakonza. Ankangonyamula ndowa, maso pansi.

Kenako anthu anayamba kunong'ona. Mlonda wa pa golosale anati usiku uliwonse, 1 koloko ikangodutsa, amaona chinthu chitanyonyomala pa mpanda wa nyumba ya malemu aja, ndipo amamva chitsulo chikulira, ngwe, ngwe. Ena anati ndi anamwino aja, akutunga madzi okolopera m'nyumba mwawo, ndipo akutunga a nyumba imene akuidziwa. Ena anati madzi ali ndi maso, salowa pakhomo pamene pali magazi. Ana anasiya kudutsa mbali imeneyo. Kusukulu malo a Manyazi pa desiki anakhala opanda munthu, ndipo palibe amene ankafuna kukhala pafupi ndi Wailesi, mpaka aphunzitsi anachita kumusamutsira kutsogolo yekha.

Iye sankasamala. Ankadziwa chimene anamva. Ndipo usiku uliwonse akagona, kuseri kwa matabwa kunali zii, chipinda chokhoma, bedi lopanda mwini. Bata limenelo linkamuliza, koma linkamulimbitsanso mtima. Ankati: mwaona, kulibe achimwene, kulibenso kupuma.

Inapita miyezi isanu ndi iwiri, achimwene ali pa rimandi, belo atawakaniza. Bambo ake anayamba kuwonda. Lamba anaboola bowo lina, kenako linanso. Kuchipatala anawayeza magazi, anawajambula pachifuwa, osapeza kanthu. Maso awo anali ofiira ngati munthu amene sanagone chaka chathunthu. Ndiye loya wa boma woimira achimwene anabwera kudzanena kuti Wailesi akaperekera umboni Lolemba likudzalo.

Lachiwiri la sabata imeneyo tulo sitinabwere. Wailesi anagona chagada, akubwereza mumtima zimene akanene. Magetsi anali atazima, ndipo mdima wake unali woti ukatsegula maso kapena kutseka n'chimodzimodzi. Kutali galu ankauwa mosalimbikira. Malata ankaphulika pang'onopang'ono, kuzizira kukuwagwira. Kenako anamva loko wa chitseko cha kutsogolo akutembenuka, mochedwa kwambiri, monga amachitira munthu amene wauphunzira lokoyo malo amene amalira. Mapazi opanda nsapato anaponda simenti ya pakhonde, kenako dothi. Anakoka katani ndi chala chimodzi. Kutsidya, pa mpanda wa nyumba yakuda ija, panali chinthu chakuda kuposa mdimawo, chitawerama. Ngwe. Chete. Ngwe. Wailesi anafunda bulangete kumutu, akuluma pilo kuti mano asamveke. Patapita kanthawi loko uja anatembenukanso.

"Ababa, munatuluka usiku?" anafunsa m'mawa.

"Ndinapita kuchimbudzi."

"Chimbudzi chili kuseritu."

"Iwe, wayamba upolisi? Vala uzipita kusukulu."

Lachitatu masana bambowo anagwa pa makwerero ali kuntchito. Sanathyoke paliponse, koma anawagoneka m'chipatala chifukwa magazi anali atathamanga kwambiri. Mng'ono wawo ndi amene anatsala nawo, pakuti ku wodi ya abambo salola amayi kugona. Mayi ake a Wailesi anabwerako madzulo milomo itauma, osadya.

Usiku umenewo loko uja analira mokweza, mwa munthu wosazolowera. Mapazi anali a patapata. Chitsulo chinalira kambirimbiri, ngwe ngwe ngwe, mopupuluma, kenako mapaziwo anabwerera chothamanga. Wailesi anagona duu, akumvetsera. Wotchi ya pabalaza inagunda kawiri.

Ndiye pafupi ndi khutu lake, kuseri kwa matabwa, chinthu chinakoka mpweya.

Fyii.

Chinadikira, monga chifuwa chimadikirira.

Huu.

Analidziwa liwu limenelo kuposa liwu lake lomwe. Linali ndi kakunjenjemera kaja kumapeto, kakulira kaja ka mphaka. Fyii, huu. Chipindacho chinali chokhoma, kiyi wake ali m'kabati ya mbale.

"Achimwene?" ananong'ona, milomo itakhudza thabwa. "Achimwene, ndinu?"

Fyii, huu.

Apo anadziwa kuti afa. Afera m'ndende usiku womwewo, ndipo abwera kudzagona pa bedi lawo komaliza. Anakwawa ndi maondo mpaka kuchipinda kwa mayi ake, nawapeza atakhala pa bedi, atavala zonse, mpango kumutu.

"Amayi, achimwene amwalira. Akupuma m'chipinda mwawo. Tamverani!"

Mayiwo anamugwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa. "Sunamve kanthu."

"Koma amayi, tamve—"

"Ndati sunamve kanthu. Ukulota. Gona apa." Anamugoneka kukhoma, namuphimba khutu ndi chikhatho chawo chozizira, ndipo anakhala chomwecho mpaka tambala.

Kutacha mgolo wawo unali utadzaza, madzi akuyenderera mpaka pamsewu, koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri. Ndipo kuseri kwa mpanda amayi a saluni anali akubuma.

"Mayo ine! Chasamukira kwa ine! Mgolo wanga gwaa! Ndinawalakwira chiyani anamwino? Ine pamaliro ndinaphika, ndinagona masiku atatu! Ngati ndi mawigi aja ndinawabwereka, abwere adzatenge!"

Anthu anadzaza, ena akuseka, ena akuyang'ana nyumba ya kutsidya. Wailesi anabwereka foni n'kuimbira loya. Loyayo anati wangochokera kumene ku ndende, mnyamatayo ali bwinobwino, akupempha sopo.

Tsiku lonse m'kalasi sanayankhe funso. Ali moyo. Nanga chikupumacho n'chiyani?

Madzulo, mayi ake akusamba, anatenga kiyi m'kabati ya mbale ndi katochi ka bambo ake, nazibisa pansi pa pilo. Usiku zonse zinachitika monga dzulo: loko, patapata, chitsulo. Koma ulendo uno mapazi sanabwerere. Wotchi inagunda kawiri, ndipo kupuma kuja kunayamba.

Anadzuka. Kiyi anakana kawiri, kachitatu analola. Munali fungo la chinyezi ndi nsapato zakale. Anayatsa tochi. Bedi linali loyala monga mayi ake analiyalira, pilo wopanda dzenje. Pa msomali panali jekete la achimwene, manja ali lende. Pansi pa bedi panalibe kanthu koma mpira wakuphwa. Fyii, huu. Liwulo silinkachokera pa bedi. Linkachokera kumutu kwake, m'munsi, pamene matabwa amakumana ndi khoma la njerwa. Anakoka bedilo pang'ono, naunika.

Inali paipi. Paipi yachitsulo, yaing'ono ngati chala chachikulu, yochokera panja, yodutsa m'mphepete mwa khoma kupita ku mpopi, itapindika pakona. Anaika dzanja. Inali yozizira, ndipo inkanjenjemera m'dzanja mwake ngati khosi la munthu. Fyii: madzi akukankha mpweya kuchokera kumsewu. Huu: mpweya ukubwerera. Panja mpopi unatsokomola, madzi nayamba kugwera mu mgolo, ndipo paipiyo inapitiriza kupuma, pang'onopang'ono, mosatopa, monga inkapumira usiku uliwonse madzi akabwera.

Wailesi anakhala pansi pa simenti. Sanakuwe. Ankangowerenga m'mutu masiku onse amene anagona akumwetulira kuti achimwene ali pafupi.

Anawapeza mayi ake atagwada m'kangalande ka mamita, pulayazi m'manja, akulimbana ndi chotsekera china, misozi ikugwera pa zitsulo. Kumbuyo kwawo mawindo a nyumba ya Manyazi anali akuda bii.

"Bambo ako anati wachitatu kuchokera ku mpanda," ananong'ona mayiwo osacheuka. "Iwo amautseka 1 koloko n'kukautsegula m'mawa popita kuntchito. Koma mpanda wake uti? Mipanda ilipo iwiri. Dzulo ndatseka wa a saluni. Lero sindikudziwa n'komwe kuti ndatseka wa ndani."

"Amayi, achimwene anasiya liti kudwala mphumu?"

Mayiwo anapitiriza kupotokola chotsekera chija.

"Amayi."

"Ali Sitandade 8."

"Ndiye zaka zitatu zonsezi ine ndakhala ndikumva..."

"Tsitsa mawu! Ukufuna mlonda amve?"

"Usiku uja analipo?"

"Sindinasuzumire."

"Amayi, ndiuzeni."

"Ndati sindinasuzumire! Mayi amasuzumira chipinda cha mnyamata wa ndevu? M'mawa ndinamupeza akuchapa yekha malaya. Ndinati mwana wanga wakula. Ndi zokhazo zimene ndikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa zina." Anamupatsa pulayazi uja. "Iwe maso ako ndi akuthwa. Tawerenga manambalawa, upeze wathu."

Wailesi anaunika. Anaupeza mosavuta. Chotsekera chake chokha ndi chimene chinali chowala, dzimbiri litachoka ndi zala za bambo ake.

Loweruka anapita kuchipatala. Bambowo anali atagona chammbali, dilipi pamkono, akuoneka aang'ono pa bedi lalikululo. Atangoona nkhope yake anauza mng'ono wawo kuti akagule nthochi.

"Waimva," anatero.

"Ndaigwira ndi dzanja."

"Ndinaiika ndine paipi imeneyo. Ndinaipinda molakwika pakona paja, mpweya umatsekeredwa. Chaka chilichonse ndinkati ndikonza, ndikonza. Za eni ndimakonza tsiku lomwelo." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Pamene unkauza wapolisi uja kuti fyii, huu, ine ndinaiona paipiyo m'maso mwangamu."

"Ndiye achimwene anapha Manyazi?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Mulungu ndi mboni, sindinamufunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti sipanala yanga yaikulu ija, ya mapaipi, inasowa sabata imeneyo. Mwina ndinaiwala kuntchito."

"Inu simuiwala zida, ababa. Mumaziwerenga madzulo aliwonse."

Bambowo anatseka maso.

"Ndikanene chiyani Lolemba?"

"Ine sindinakuuzepo kuti uname. Ndinkangofuna kuti ukalumbire mtima uli woyera, tchimolo likhale langa. Miyezi isanu ndi iwiri ndakwanitsa. Kutangotsala masiku asanu, thupi landigulitsa." Anapuma movutika. "Loya akuti akapezeka wolakwa adzatuluka ali ndi imvi, ngati n'kutuluka komwe."

"Nanga mukundiuza kuti nditani?"

Iwo anatembenukira kukhoma. Wailesi anadikira mpaka nthochi zinabwera, koma sanacheukenso.

Lolemba anavala yunifomu yosita. Pakhomo la khothi anakumana ndi azakhali a Manyazi, mayi wamfupi wa nsapato zakutha, amene sanaphonyepo tsiku ndi limodzi lomwe la mlanduwo. Wailesi anafuna kuwazemba, koma iwo anamugwira paphewa.

"Ndiwe unkakhala naye desiki imodzi, eti? Ankakukamba. Ankati uli ndi pakamwa ngati injini, koma sunama." Anamukonzera kolala. "Usaope ine, mwanangu. Mlongo wako ndi mlongo wako. Ukanene zimene ukudziwa basi, ine zindikwanira."

M'katimo achimwene anali atakhala pakati pa anyamata awiri aja, atameta mpala, atanenepako pang'ono. Ndi achimwene omwe aja amene ankamukweza pa njinga kupita naye kusukulu, amene anamenya mnyamata wina chifukwa chomutcha mlomo wa bakha, amene ankamusungira chingamu m'thumba la jekete. Atamuona anamutsinzinira diso limodzi.

Analumbira atakweza dzanja. Loya wa achimwene anamufunsa mofatsa, iye nayankha monga anayankhira ku polisi. Kenako anaimirira mayi woimira boma, wamtali, wa mawu otsika.

"Unamuona ndi maso mlongo wako usiku umenewo?"

"Ayi."

"Unangomva."

"Inde."

"Ndikufunsa bwinobwino, mwanawe, ndipo usafulumire. M'nyumba mwanu muli chinthu china chilichonse chimene chingamveke ngati munthu akupuma? Mphaka, mphepo, china chilichonse?"

M'khothi munachita zii. Chokupizira mphepo cha kudenga chinali chitafa. Wailesi ankamva cholembera cha oweruza, ankamva mayi ake akumeza malovu kumbuyo, ankamva kamnyamata kakang'ono ka pa awiri ogwidwa aja kakufwenthera. Anatchera khutu kwa achimwene, amene anali pafupi ngati apa ndi apo. Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika bwinobwino, osamveka ngakhale pang'ono. Anayang'ana azakhali aja, iwo namugwedezera mutu momulimbikitsa.

"Mulibe," anatero.

Zikanathera pomwepo. Koma Wailesi ndi Wailesi, akatsegula satseka. Anamva pakamwa pake pakupitiriza pokha: kuti achimwene anatsokomola kawiri cha m'ma 2, kuti anatembenuka bedi n'kulira, kuti iye anagogoda thabwa n'kunena kuti achimwene mukundisokoneza, iwo n'kuyankha kuti werenga iwe, usandivute. Anafotokoza bwino kwambiri, ndi manja omwe, mpaka anthu ena anaseka. Nkhaniyo inatuluka yosalala ngati anaionadi.

"Bodza!" kanakuwa kamnyamata kakang'ono kaja, kataimirira. "Bodza limenelo! Ndi iyeyu anabweretsa chitsulo! Ife tinkafuna mafoni okha! Mtsikana uja anamutchula dzina, ndiye iyeyu..." Apolisi anakakhazika pansi, kakulira ngati khanda, kakuitana mayi ake amene sanabwere.

Achimwene sanacheuke n'komwe. Ankayang'ana zikhadabo zawo.

Pogamula, patatha masabata awiri, oweruza anati anyamata awiriwo asintha nkhani yawo katatu konse, pamene mtsikanayu wanena chimodzimodzi kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndi mwana wa mbiri yabwino amene aphunzitsi ake amuchitira umboni. Chitsulo sichinapezeke. Awiriwo anawatumiza kumalo osungirako ana olakwira malamulo, kuti akakula akapitirize kundende ya akuluakulu. Wachitatu atuluke mawa, mapepala akasainidwa. Mayi ake a Wailesi anagwa pansi akuyamika Mulungu. Azakhali aja sanalire. Anapinda kansalu kawo bwinobwino, naika m'chikwama, ndipo podutsa pafupi ndi Wailesi anaima.

"Zikomo mwanangu, wandithandiza kuti ndisadane ndi wosalakwa," anatero. "Koma mapazi anali a anthu atatu. Ndiye kuti winayo akadali kunja kuno, akudya, akugona. Muzikhoma zitseko."

Apa m'pamene Wailesi anayamba kuthamanga.

Anathamanga kudutsa pa siteji, kudutsa pa msika, mpweya ukumuwotcha pakhosi. Bambo ake anali atatuluka m'chipatala sabata yatha, ndipo dzulo lake anakhala tsiku lonse akukumba, kuizula paipi ija n'kuidutsitsa panja, kuseri kwa nyumba, yowongoka bwino. Usiku wathawu madzi anabwera, mgolo unadzaza, ndipo kuseri kwa matabwa kunali zii. Kuyambira mawa kudzakhala zii chomwecho, achimwene akhalemo kapena asakhalemo, ndipo iye adzagona mutu utagunda thabwa, osadziwa.

Anafika pa geti belu likulira kumene. Atsikana a kalasi lake ankatuluka m'magulu, ndipo atamuona anaima patali monga anazolowera.

"Amasulidwa!" anakuwa, akupuma wefuwefu. "Inu, amasulidwa! Achimwene alibe mlandu! Oweruza anena okha, pamaso pa anthu onse, akuti umboni wanga ndi umene wawapulumutsa!"

Anayang'anana. Kenako mmodzi, wa mano otalikirana, anathamanga n'kumukumbatira, ena onse n'kutsatira, kulumpha, kukuwa, ena kupepesa kuti ife tinkangomva za anthu, usatisungire kukhosi.

"Ee, koma iwe ndi dolo! Sunaope?"

"Ndiope chiyani? Ndinangonena zimene ndinamva!"

"Nanga ukunjenjemera chiyani? Taonani manja akewa, akuzizira ngati wagwira madzi."

"Ndathamanga, iwe! Kuchokera kukhothi mpaka kuno ukuona ngati n'pafupi?" Anaseka, ndipo kusekako kunakana kuleka, mpaka misozi inatsika n'kulowa m'kamwa, anzake akusekanso naye. "Akubwera mawa 10 koloko. Amayi agula nkhuku ziwiri, ababa apenta chipinda. Mubwere nonse, mwamva? Iwe, ndi iwe, ndi iwenso. Mukapemphe kwanu kuti mudzagone konko, tidzayala pansi m'chipinda mwanga, malo alipo, tidzacheza mpaka kuche. Musakane, chonde. Mubwere mawa mudzawaone!"